Kujambula mabwinja omera tchire kuti chithunzi chigwire mtima

Nyumba ikasiyidwa, choyamba kugonja ndi denga. Lata limodzi likasasuka kapena thailosi imodzi ikasweka, basi madzi apeza njira. Matabwa amawola, pulasitala amatupa n'kumayoyoka, ndipo njere zobwera ndi mphepo kapena zogwa m'zitosi za mbalame zimapeza chinyezi m'ming'alu. Umayamba ndi udzu, zoyanga zimatsatira, mapeto ake mtengo weniweni umaima njii pakati pa chipinda chimene kale munkagona anthu. Wojambula amene akudziwa kayendedwe kameneka amafika pabwinja akudziwa kale koyang'ana: pansi pa bowo la denga, m'mphepete mwa zenera, m'ngalande ya madzi a padenga, ndi khoma limene silionana ndi dzuwa, kumene ndere imachuluka.

Zithunzi zambiri za mabwinja zimalephera pa chifukwa chimodzi. Munthu amafika, malowo n'kumugwira mtima, iye n'kutukula kamera kuti atenge zonse nthawi imodzi. Akakaziona pakompyuta amapeza mulu wa zinyalala ndi masamba, diso losowa poyambira. Chimene chinamukhudza chinali bata lija, fungo la chinyezi, kuzizira kwa m'chipindamo ndi kulira kwa lata likamawombedwa ndi mphepo, ndipo zonsezi kamera siimva. Chimene ingathe kutenga ndi malo enieni pamene ntchito ya manja a munthu yakumana ndi chomera: muzu wolowa pakati pa njerwa ziwiri, tsinde lokulunga chitsulo cha bedi, masamba osuzumira pazenera ngati akufunsa ngati eni ake alimo. Ntchito yanu yonse ndi kupeza malo amenewo n'kuchotsa m'chithunzi chilichonse chopikisana nawo.

Bwinja lili ndi mwini, ndiponso limavulaza

Kusiyidwa kwa malo sikutanthauza kuti alibe mwini. M'mayiko ambiri kulowa popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo kuthyola loko kapena kukanganula thabwa lotseka zenera kumakulitsa mlanduwo. Fufuzani mwini kapena mlonda, fotokozani kuti mukufuna kujambula basi, muonetseni zithunzi zimene munajambulapo kale, ndipo gwirizanani tsiku ndi nthawi. Ngakhale mabwinja otchuka padziko lonse ali ndi malamulo ake. Ku Kolmanskop, tauni ya diamondi ya m'chipululu cha Namib ku Namibia imene inasiyidwa m'zaka za m'ma 1950, munthu amalowa ndi chilolezo. Pachilumba cha Hashima, kufupi ndi Nagasaki ku Japan, kumene mgodi wa malasha unatsekedwa mu 1974, alendo amayenda m'tinjira tochepa totchingidwa, saloledwa kulowa m'nyumbazo.

Musapite nokha, ndipo wina amene watsala adziwe kumene muli ndi nthawi imene mubwerere. Valani jombo kapena nsapato za pansi pochindikala, chifukwa msomali wadzimbiri woloza m'mwamba pansi pa masamba ndiwo umavulaza anthu kuposa khoma logwa. Onetsetsaninso kuti katemera wanu wa kafumbata sanathe mphamvu. Buluku lalitali, magolovesi, matochi awiri. Awiri ndithu, chifukwa imodzi ikafa muli m'chipinda cha mdima bii, foni yokha siikwanira kuonetsa bowo lapansi.

Panja, udzu wautali umabisa zitsime, maenje a zimbudzi ndi zivindikiro zowola. Yendani ndi ndodo, muzigogoda kutsogolo musanaponde. Njoka zina nazo zimamva kugunda n'kupatuka. Kwezaninso maso musanalowe pakhomo lililonse, poti mavu ndi njuchi zimakonda pamwamba pa felemu la chitseko ndi m'siling'i. M'kati, thabwa lakuda, lofewa kapena lomera bowa, makamaka limene lili pansi pa bowo la denga, musaliponde. Pa masitepe azikwera munthu mmodzi yekha pa nthawi imodzi. Ngati denga linagwa kalekale, m'zipinda zam'mwamba musapiteko n'komwe. Konkire imene ikuonetsa zitsulo zadzimbiri nayo yatha mphamvu: dzimbiri limatupa n'kuing'amba kuchokera m'kati, ndipo chidutswa chimatha kugwa popanda chenjezo. Zipinda zapansi pa nthaka, matanki ndi ngalande zotsekeka, zisiyeni. Mpweya woipa kapena wochepa suoneka, ndipo munthu amakomoka asanazindikire.

Fumbi ndi mdani wina wosachita phokoso. Nyumba zakale zambiri zili ndi asibesitosi m'malata a simenti, m'zokutira mapaipi ndi m'matailosi ena apansi, ndipo akasweka amatulutsa timinga tosaoneka towononga mapapo patapita zaka. Zitosi zouma za mileme ndi mbalame zimatha kusunga tizilombo toyambitsa matenda a m'mapapo otchedwa histoplasmosis. Masiki yoyenera ndi ya mtundu wa FFP3 kapena P100, yogwira bwino pamphuno. Yansalu ndi yongodzinamiza nayo.

Kamera iyambe yakhala m'chikwama

Mukalowa, perekani mphindi 15 kapena 20 kungoyenda ndi kuona. Maso amafuna nthawi kuti azolowere mdima, ndipo mukathamangira kujambula mumathera mphamvu pa chipinda choyamba pomwe chabwino chili kumbuyo. Onani kumene kuwala kukulowera, ganizirani kumene kudzakhale pakatha ola limodzi, ndipo sankhani malo atatu kapena anayi okha.

Kenako dzifunseni mwachindunji: pano ndikumva chiyani? Funsoli likuoneka lachibwana koma ndilo limalamula lenzi, kutalika kwa tripod (choimikira kamera cha miyendo itatu) ndi kuchuluka kwa kuwala. Mabwinja sapereka maganizo amodzi. Kalasi yokhala ndi madesiki ang'onoang'ono omera udzu imabweretsa chisoni. Khonde lalitali lamdima lokhala ndi zitseko zotseguka pang'ono limabweretsa nthumanzi. Fakitale imene mitengo yabowola denga lake, kuwala kuli ngwee pamasamba, imatha kupereka mtendere, mwinanso chimwemwe, poona kuti moyo sunaime. Chithunzi chimodzi chinyamule chimodzi mwa zimenezi. Chikafuna kunyamula zonse chimangokhala chithunzi cha nyumba yakutha.

Nthawi ndi kuwala

Tsiku la mitambo ndilo bwenzi la wojambula tchire. Dzuwa likaswa mtengo, tsamba lililonse limanyezimira ndipo pansi pake pamakhala mthunzi wakuda, motero chithunzi chimadzaza madontho oyera ndi akuda ngati nkhanga, khoma osaonekanso. Mitambo imafewetsa zonsezo. Ojambula a ku Germany Bernd ndi Hilla Becher, amene kwa zaka zambiri ankajambula matanki a madzi ndi ng'anjo za m'mafakitale akale a ku Germany ndi mayiko ena, ankadikira dala thambo lotuwa kuti chimangocho chioneke chonse popanda mithunzi yosokoneza. Mvula ikangokata ndiye bwino koposa: njerwa zimafiira, dzimbiri limaoneka lakupsa, ndere imabiriwira, fumbi lagona.

Dzuwa lili ndi ntchito yake m'kati mwa nyumba. Mizere ya kuwala yolowera pazenera imaoneka m'mawa kapena madzulo dzuwa lili m'munsi, pomwe yolowera pabowo la denga imafuna dzuwa lili pamutu. Kuti mzerewo uoneke pamafunika zinthu ziwiri: mumpweya mukhale nkhungu kapena fumbi pang'ono, ndipo kumbuyo kwake kukhale mdima. Imani moyang'ana chakumene kuwalako kukuchokera, mopendekera pang'ono. Mukakupatsa msana mzerewo umazimirira. Ena amamenya pansi kuti fumbi libuke. Musatero, mwamva kale zimene zili m'fumbilo. Bwerani m'mawa wa nkhungu.

Nyengo nayo imasintha nkhani. Masamba akachuluka nyumba imamira, chithunzi n'kumakamba za mphamvu ya tchire. Masamba akayoyoka kapena udzu ukauma, mafupa a nyumbayo amaonekera, mitsitsi ya zoyanga n'kutsala pakhoma ngati mitsempha, ndipo chithunzi chimakamba za imfa. Mudzi wa asodzi wa Houtouwan, pachilumba cha Shengshan ku China, unatchuka mu 2015 chifukwa cha zithunzi za nyumba zake zitakutidwa ndi masamba mpaka padenga. M'nyengo yozizira nyumba zomwezo zimaoneka zotuwa ndi zamaliseche. Ngati malo ali pafupi, pitani kawiri.

Kutchera kamera

Chida chofunika kuposa lenzi yodula ndi tripod. M'bwinja kuwala n'kochepa, ndipo mukufuna kuti zonse zioneke bwino kuyambira tsamba lili pafupi mpaka khoma la kumapeto. Yambirani apa: jambulani mu RAW (mtundu wa fayilo yosunga zonse zimene kamera yatenga), ISO (mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala) ikhale 100, aperture (bowo lolowetsa kuwala mu lenzi, limene limachepa nambala ikamakwera) ikhale f/8 kapena f/11, ndipo shutter (chitseko cholola kuwala kulowa m'kamera) itsegule nthawi imene ikufunika, kaya ndi theka la sekondi kaya masekondi 15. Musathamangire f/22 poganiza kuti zonse zikhala zakuthwa. Bowo likachepetsetsa kuwala kumamwazika ndipo chithunzi chonse chimafewa. Zimitsani chochepetsa kugwedera cha mu lenzi kamera ikakhala pa tripod, chifukwa pa makamera ena chimayamba kusaka kugwedera kumene kulibe n'kudzetsa kwake. Gwiritsani timer ya masekondi awiri kuti chala chanu chisagwedeze kamera. Chinthu china chimene ambiri amaiwala: pansi pa matabwa pamanjenjemera. Shutter ikatseguka imani chilili, ndipo mnzanu asayende.

Lenzi yotambalala, ya pakati pa 16mm ndi 35mm pa kamera ya full frame (ya sensa yaikulu ngati filimu ya 35mm), ndiyo yotengera chipinda chonse. Tengani ina ya 50mm kapena kuposerapo yotolera tinthu tating'ono. Sankhani lenzi muli panja, chifukwa kusinthira m'kati mwa fumbi kumasiya madontho pa sensa (kachipangizo kolandira kuwala m'kamera) amene amaoneka pachithunzi chilichonse cha f/11.

Mumdima autofocus, njira imene kamera imadzithwetsera yokha chithunzi, imangosaka uku ndi uku osagwira. Walitsani tochi pachinthu chimene mukufuna, chikulitseni pasikirini kakhumi, tembenuzani focus ndi dzanja mpaka chithwe, kenako zimitsani tochiyo musanajambule. Poika focus, kumbukirani chiwerengero ichi: pa 24mm ndi f/8 pa full frame, mukaika focus pa mtunda wa mamita pafupifupi 2.4, zonse kuyambira mita 1.2 mpaka kutali zimaoneka bwino. Pa 16mm mtundawo umatsika kufika pafupifupi mita 1.1. Ngati pali tsamba limene lili pafupi kwambiri kuposa pamenepo, jambulani kawiri osasuntha kamera, kamodzi focus ili patsambalo, kachiwiri ili pakhoma, mudzaphatikize pakompyuta.

Vuto lalikulu m'mabwinja ndi zenera. Panja pali mbee, m'kati muli bii, ndipo kusiyana kwake kumaposa kumene sensa ingatenge nthawi imodzi. Mukayeza kuwala kwa m'chipinda, zenera limangokhala bowo loyera ndipo masamba aja amene amasuzumira, omwe ndiwo mwini nkhani, amasowa. Mukayeza kwa pazenera, chipinda chimada. Njira yake ndi bracketing: zithunzi zitatu kamera ili malo amodzi, china pa -2, china pa 0, china pa +2. Sitopu imodzi ndi kuwirikiza kuwala kawiri kapena kukudula pakati, ndiye kuti -2 ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a kuwala kwa chapakati chija. Zenera likakhala lowala kwambiri, tengani zisanu. Sinthani shutter yokha. Mukasintha aperture, kuya kwa focus kumasiyana ndipo zithunzizo sizigwirizana pophatikiza. Musakhulupirire sikirini, chifukwa mumdima imaoneka yowala kuposa mmene chithunzi chilili. Onani histogram, kagirafu koonetsa mdima kumanzere ndi kuwala kumanja: pa chithunzi chakuda chija mzere usagunde khoma lakumanja, pa chowala chija usaunjikane kumanzere.

Koma si zenera lililonse lofunika kulipulumutsa. Ngati kunja kulibe chothandiza nkhani, kapena kukuoneka galimoto ndi mapolo a magetsi, lisiyeni liyere. Kuyera kumeneko kumadula chipindacho kuchoka ku dziko la lero, ndipo kusungulumwa kumakula.

Ndiye pali mphepo. Khoma limaima koma masamba saima, ndipo pa masekondi anayi amasanduka utsi wobiriwira. Muli ndi njira ziwiri. Yoyamba, kwezani ISO kuti shutter ifulumire: ngati pa ISO 100 ndi f/8 kamera ikupempha 1/8 ya sekondi, pa ISO 1600 mupeza 1/125, imene imaimitsa masamba pa kamphepo kayaziyazi. Timadontho ta ISO yokwera sitioneka kwenikweni pa njerwa ndi dzimbiri. Yachiwiri, lolani masambawo ayende dala, masekondi awiri kapena kuposerapo, kuti chakufa chiime nji chamoyo chikugwedezeka. Choipa ndi chapakati, monga 1/15, pamene tsamba silinaime komanso silinayende mokwanira, ndipo woona amangoti dzanja linanjenjemera. Dziwaninso kuti masamba oyenda amavuta pophatikiza zithunzi za bracketing, amatuluka awiriawiri; dikirani mphepo ipume, kawirikawiri imapereka masekondi angapo.

Fyuluta ya polarizer, kagalasi koika kutsogolo kwa lenzi kochotsa kunyezimira, ndi yothandiza kwambiri pa tchire, ngakhale tsiku la mitambo. Tsamba, makamaka lonyowa, limabweza kuwala kwa thambo ngati kalilole ndipo limaoneka lotuwa. Tembenuzani fyulutayo pang'onopang'ono mukuyang'ana: kunyezimirako kumachoka, kubiriwira kwenikweni n'kutuluka. Imadya kuwala kwa sitopu imodzi ndi theka kapena kuyandikira ziwiri, choncho tripod ikufunikabe. Osachotsa kunyezimira konse, poti tsamba lopanda kuwala ngakhale pang'ono limaoneka lapulasitiki. Pa lenzi yotambalala kwambiri imasiya thambo mbali ina lakuda mbali ina loyera, ndiye thambo likakhala lalikulu m'chithunzi ivuleni.

M'chipinda chopanda zenera, tcherani shutter pa masekondi 20 mpaka 30 n'kupaka kuwala ndi tochi. Imani chammbali, kutali ndi kamera, kuti kuwalako kukwawe pakhoma n'kuonetsa penti wokanganuka ndi ming'alu; kuwala kochokera pamene pali kamera kumaphwatalitsa zonse, n'chifukwa chake fulashi ya pamwamba pa kamera imapha bwinja. Tochi isaime malo amodzi, ndipo isaloze ku lenzi.

Wa foni asadzione wotsalira. Iikeni pa tripod yaing'ono kapena itsamiritseni pakhoma, gwirani chala pasikirini mpaka focus ndi kuwala zitsekeke, kenako tsitsani kuwalako pang'ono, chifukwa foni imakonda kusandutsa mdima kukhala masana. Lenzi ya 0.5 imatenga malo ambiri koma pa mafoni ambiri ndi yofooka mumdima. Yaikulu ija ndiyo yodalirika. Ndipo pukutani galasi. Mafuta a chala ndi zenera lowala zikakumana, chithunzi chonse chimachita chifunga.

Poimika kamera ndi poika zinthu

Makoma aime chilili. Mukaweramitsa kamera kapena kuikweza mphuno, mizere ya makoma imapendekera ndipo nyumba imaoneka ngati ikugwa. M'bwinja, mmene zinthu zina n'zopendekera kale, diso limafuna mzere umodzi woongoka kuti lidziwe chimene chagwadi. Tcherani kamera mowongoka pogwiritsa ntchito levulo ya m'kamera, pa msinkhu wa pachifuwa, ngati mita 1.2, ndipo siyani mpata m'mbali woti mudzadule mukamawongola pakompyuta.

Kuchokera apo, msinkhu wa kamera ndi chida cha maganizo. Itsitseni kufika masentimita 30 kuchoka pansi, kamtengo kakang'ono kophukira pakati pa matailosi kamakhala chimphona ndipo chipinda chimakhala chake. Ikwezeni pamwamba pa masitepe olimba n'kuyang'ana pansi, zonse zimaoneka zazing'ono ndi zotayika. Kuima pakati penipeni pa khonde, mbali zonse zofanana, kumapereka bata lolemera ngati la m'nyumba yopemphereramo. Kusiya theka la chithunzi mumdima, chitseko chili chotseguka pang'ono chakumapeto, kumadzetsa nthumanzi, chifukwa munthu amaopa chimene sakuchiona kuposa chimene akuchiona. Apa musatsegule mithunzi. Mdimawo ndiwo chithunzi.

Zitseko ndi mazenera ndi mafelemu okonzeka kale. Kujambula muli m'kati moyang'ana kunja, tchire likudzaza khomo, kumamuika woona m'malo mwa amene ankakhalamo. Kujambula muli kunja, nthambi zili patsogolo nyumba ikuonekera m'mipata, kumamusandutsa wodutsa amene wangoitulukira mwangozi. N'zosiyana kwambiri, ndipo ndi bwino kutenga zonse ziwiri n'kudzasankha.

Chimene chimalasa mtima koposa si khoma logumuka ayi, ndi kanthu kakang'ono koonetsa kuti pano panali munthu wina wake. Tayerekezani khoma la kukhitchini: msomali ukadali pamene unakhomedwa, pansi pake pali kachigawo ka penti kowala kuposa kwina konse, ka makona anayi, pamene panapachikidwa kalendala zaka zambiri, ndipo kuchokera mumng'alu wapangodya katsinde kopyapyala kakwawa mpaka kukakulunga msomaliwo. Mulibe chigumukire m'chithunzi chimenecho, koma muli zonse: dzanja limene linakhoma, zaka zimene zinadutsa, ndi mwini watsopano. Funani zotere. Mizere ya pensulo pafelemu la chitseko yoyezera msinkhu wa mwana, sitepe yodyeka pakati chifukwa cha mapazi, switchi ya magetsi yokutidwa ndi ukonde wa kangaude. Apa gwiritsani lenzi ya 50mm, tsegulani aperture kufika f/2.8 kapena f/4 kuti kumbuyo kufewe, ndipo kuwala kuchokere chammbali.

Tchire lenilenilo limafuna kuweta. Kubiriwira kukadzaza ponseponse diso limatopa. Pezani mtundu wina woti ulimbane nako, monga kufiira kwa dzimbiri kapena njerwa, ndi mzere umodzi wamphamvu woti diso liutsate. Ku kachisi wa Ta Prohm ku Cambodia, womangidwa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1100, zithunzi zimene zimagwira ndi zija zotsata muzu umodzi waukulu kuchokera pamwamba pa khoma mpaka pansi, osati zotenga nkhalango yonse. Yenderani m'mphepete mwa felemu ndi diso musanadine: kanthambi koyera kolowera pangodya kamaba maso kuposa mmene mungaganizire, ndipo kusuntha tripod masentimita 10 kumakachotsa.

Kuika munthu m'chithunzi kumaonetsa kukula kwa malo, koma kumasinthanso nkhani, chifukwa diso limathamangira kwa munthuyo ndipo bwinja limasanduka kumbuyo chabe. Ngati mwamuika, akhale wamng'ono, wakutali, wosayang'ana kamera.

Musakonze bwinja

Chiyeso chosuntha mpando kuti ukhale pakuwala, kapena kuika chidole pawindo, n'chachikulu. Ku Pripyat, mzinda wa ku Ukraine wa anthu pafupifupi 49,000 umene unasamutsidwa pa 27 Epulo 1986 ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya a Chernobyl itachitika dzulo lake, alendo akhala akusanja zidole ndi masiki a gasi pamabedi ndi pamadesiki kuti zithunzi zichititse chisoni. Zotsatira zake n'zakuti zithunzi zambirimbiri zimafanana, ndipo zimanena bodza pa zimene anthu aja anasiya. Chinthu chosunthidwa chimadziulula chokha: pamene chinali pamatsala malo oyera opanda fumbi, ndipo icho chimakhala mwadongosolo loposa la chilichonse chochizungulira. Sunthani miyendo yanu, kapena dikirani kuwala kufike pampandopo. Musathyole nthambi kuti muone bwino, musatenge kanthu kupita nako.

Kumbukiraninso kuti bwinja lanu lokongola ndi chilonda cha wina. Anthu a mumzinda wa Detroit ku America akhala akudandaula ndi ojambula ongobwera kudzatenga zithunzi za nyumba zakugwa, monga siteshoni ya sitima ya Michigan Central imene inatsekedwa mu 1988, ngati kuti mumzindawo simukhala anthu. Siteshoniyo inagulidwa ndi kampani ya magalimoto ya Ford mu 2018 n'kutsegulidwanso mu 2024. Dziwani mbiri ya malo musanawajambule, ndipo muilembe molondola pansi pa chithunzi. Mukapeza kuti wina amagonamo, pamenepo ndi pakhomo pake: perekani moni, pepesani, tulukani. Makalata, mafayilo a chipatala kapena zithunzi za anthu zimene mwapeza pansi musazijambule moti maina ndi nkhope ziwerengeke.

Pakompyuta

Choyamba kukonza ndi mtundu wa kuwala. Kuwala kodutsa m'masamba kumapaka zonse kubiriwira, mpaka khoma loyera limaoneka lodwala. Dinani chosankhira white balance (chokonzera mtundu wa kuwala) pachinthu chimene mukudziwa kuti n'chotuwa kapena choyera, kapena kankhirani tint (chochepetsera kapena kuonjezera kubiriwira) pang'ono kumbali ya magenta, mtundu wofiirira wolimbana ndi wobiriwira. Musachotse kubiriwirako konse, chifukwa n'kumene kumauza woona kuti kunja kuli nkhalango. Kutenthetsa mitundu pang'ono kumakokera chithunzi ku chikumbutso cha masiku akale. Kuiziziritsa kumachikokera ku kusungulumwa. Bwererani ku yankho la funso lija munadzifunsa muli pamalopo.

Masamba akaoneka owala mopweteka maso, tsitsani mtundu wachikasu kaye musanakhudze wobiriwira, poti kamera imawerenga masamba ambiri ngati achikasu. Pophatikiza zithunzi za bracketing, zenera likhalebe lowala kuposa chipinda ndipo ngodya zikhalebe zakuda. Mukakweza mithunzi yonse n'kutsitsa zowala zonse, mumapeza chithunzi chathyathyathya chokhala ndi mkombero woyera kuzungulira denga ndi nthambi, chimene aliyense amazindikira kuti chaphikidwa mopitirira. Clarity ndi texture, zida zothwetsera maonekedwe a zinthu m'chithunzi, n'chimodzimodzi: pakani pa malo ochepa okha, monga pamuzu ndi njerwa zoyandikana nawo, osati chithunzi chonse. Chakuda ndi choyera chimathandiza pamene nkhani ili pa mizere ndi kuwala, koma chimasokoneza masamba ndi khoma kukhala zotuwa zofanana. Mukachisankha, walitsani wobiriwira ndi wachikasu kuti tchire lisiyane ndi njerwa.

Posankha zoonetsa, zithunzi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri zimakwana: chimodzi chakunja choonetsa malo onse, ziwiri za zipinda, zotsalazo za tinthu tating'ono tija. Ngati mungathe kubwerera, lembani pamene miyendo ya tripod inaima, msinkhu wake ndi lenzi imene munagwiritsa, kuti chaka chamawa mudzajambule chimodzimodzi. Wojambula Camilo José Vergara wakhala akuchita zimenezi kuyambira m'zaka za m'ma 1970, kubwerera ku nyumba zomwezo m'mizinda ya ku America monga New York ndi Detroit, ndipo zithunzi zake zikaikidwa pamodzi zimaonetsa chimene chithunzi chimodzi sichingathe: nthawi ikuyenda.

Musanaike chithunzi pa intaneti, chotsani GPS m'fayilo. Foni ndi makamera ena amalemba malo enieni m'kati mwa chithunzi, ndipo bwinja likadziwika poyera amatsatira ndi akuba zitsulo, olemba pamakoma ndi oyatsa moto. Pa mapulogalamu ambiri pali posankha kuti malo asatuluke nawo potumiza chithunzi. Mukabwera kuchokera kumaloko, pukutani kamera ndi miyendo ya tripod ndi kansalu konyowa pang'ono muli panja, vulani nsapato musanalowe m'nyumba, ndipo zovala zimene munavala zichapidwe pazokha.